Malichi a pa Masenjere

Unatsika nazo phiri la Thyolo panjinga, Alufandika,
mbande zitatu m'timachubu takuda,
malipiro ako otsiriza a ku esiteti.
Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti:
kuno n'kwa masawu ndi malambe,
dzuwa lake limawiritsa dzira pamchenga,
iwe ukuti malichi?

Imodzi inadyedwa ndi mbuzi za a Fombe.
Ina inauma chaka chomwe tinakuika.
Yachitatu inakakamira moyo,
ine ndi ndowa pamutu, mjigo uli kutali,
zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chino mtengo unafiira.
Ndinawerenga zipatso ngati ndalama za thonje,
ndinagula kale malata mumtima,
nsapato za Esinta, ndi mtanda wa pamanda ako.

Kenaka mvula ya Disembala inagwa masiku anayi osapuma.
Chigwa chinatuluka thukuta.
Lachisanu m'mawa ndinaona kadontho kabulauni pa khungu la chimodzi,
ngati popsa ndi ndudu.
Loweruka kadontho kaja kanavala ubweya woyera.
Lamulungu, pochoka kutchalitchi,
ndinamva zikugwa zokha, phu, phu,
fungo lake ngati masese a mowa wa dzana.

Mlangizi anabwera panjinga yamoto, matope mpaka m'maondo.
Anatola chimodzi, nachitembenuza.
Akuti si nkhungu yeniyeni, imangofanana nayo.
Akuti mbewu zake zili ndi timichira,
zimasambira m'dontho la mvula
kuchoka pa tsamba kupita pa chipatso.
Ndinaseka mwamwano.
Madzi omwe ndinathyokera khosi,
lero ndiwo bwato la mdani?

Dulirani nthambi kuti mphepo idutse, anatero,
zakugwazo musasiye pansi, kwirirani,
mankhwala opopera ali ku Nchalo.
Mtengo wake anautchula akuyang'ana kumbali.

Ndiye ndakumba dzenje kuseri kwa khola.
Malichero asanu ndathiramo.
Ana a Fombe aima pa mpanda, sakuseka.

Kunthambi ya kumwamba, yoyang'ana kuphiri kumene unachokera,
zatsala khumi ndi chimodzi zopanda banga.
Ndathyola chimodzi. Ndasenda ndi chikhadabo.
M'kati n'choyera ngati diso, chozizira, chonyowa.

Sunandinamize, Alufandika.
N'chokoma.
Njere yake ndaikulunga pansonga ya chitenje,
sindikudziwa ngati ndidzala.