Lachinayi ku Valparaíso

Kadontho kamodzi, kofiirira ngati dzimbiri la padoko,
pa kansalu ka Ximena,
sabata lachisanu ndi chiwiri.

Baltasar wasiya khofi akadali wotentha.
Akutsika naye masitepe a Cerro Alegre,
akuwawerenga mokweza
kuopa kuwerenga zina.

Mzamba Ondina salonjeza kanthu.
Akuti: kukanakhala koyambirira
ndikanati ndi mbewu ikukumba malo ake.
Pena khomo la chiberekero limafewa,
kungolikhudza, lalira.
Pena magazi aundana kuseri kwa thumba,
pena matenda alowa osagogoda.
Kenaka atsitsa mawu:
pena mimba imasochera, nkumanga m'njira yopapatiza,
zikatero sitidikira kuti kuche.
Pena imangopita padera, popanda wolakwa.

"Dzulo ndinanyamula dengu la nsomba..."
"Si dengu ayi. Lisiyeni dengulo."

Mafuta ozizira pamimba.
Kunja sitima ikulira, ikupempha doko.
Pagalasi pali nkhungu yokhayokha,
ndipo atatuwo aweramira pomwepo,
mpweya ali gwa,
kufunafuna kanyenyezi kochepa ngati njere ya mpunga
kamene mwina, mwina,
kakuphethira.