Kopanda Dzina m'Botolo la Chanaze

Madzi atabwerera ku Shire
anasiya thamanda kuseri kwa njanji ya ku Chiromo.
Chanaze anakatungamo ndi botolo la mafuta ophikira,
nabwera akuthamanga, matope mpaka m'mawondo:
Ababa, madziwa ali ndi mtima, akugunda.

Ndinaimika botolo padzuwa, pamphuno pa bwato.
Poyamba madzi okhaokha. Kenako ndinakaona:
kambale kovundikira, kochepa ngati chikhadabo cha khanda,
koonekera mkati ngati msozi,
kakudzifinya, kakumasuka, kakudzifinya,
kukwera pang'onopang'ono,
kenako n'kungodzitaya kuti kamire, timaulusi tili balala.

Zaka makumi atatu ndikutchera miono m'dambo lino.
Mphende ndimaidziwa, dowe, mlamba ndi ndevu zake.
Aka dzina lake ndilibe.

Wa maso akuthwa ndi mwanayu. Ndiye anaona
kuti pomira paja kakuwedza.
Tinthu tonga fumbi la gaga, todumphadumpha m'madzimo,
tikangokhudza ulusi, zii, taima.
Ulusi n'kupindika, n'kupereka kukamwa
komwe kuli kunsi, pakatikati, pamalo pa mchombo.
Kalibe dzino, kalibe fupa,
kalibe ndi diso loti kachitire manyazi.
Chomwe kadya chimachita kuonekera m'mimba
ngati ndalama zachitsulo m'jumbo.

Fumbi limenelo, akutero Chanaze, aphunzitsi anati
ndiye phala la ana a nsomba asanalimbe mamba.

Apo ndinakhala pansi pamchenga wotentha.
Kamwana ka mphende kakanenepa kamezedwa ndi mlamba,
mlamba ulowa m'mono mwanga,
ine ndiupereka kwa Alufazema wa sikelo,
amene akundidya ndi katapila
chiyambire chaka chomwe madzi anatenga mapira anga.
Ng'ona nayo inatapa pake:
mlamu wanga Zuze, padooko, akutsuka ukonde,
tinangotola chipewa.
Tsiku lina ng'onayo idzaola pansi pa namasupuni
n'kusanduka msuzi wonenepetsa fumbi lomweli.

Ndiye iwe kamlendo, tikudya mbale imodzi.
Ine ndimatapa pamwamba, ndi thukuta, ndi ngongole,
iwe ukupala pansi penipeni,
osatuluka ndi mawu omwe.
Mukachuluka m'thamandamo, ana a mphende adya chiyani?

Nanga iko amakadya ndani? anafunsa mwana.
Ndinaganiza za nkhanu, za kakowa
amene waima pamenepo chiyambire m'mawa.
Ndinayankha kuti sindikudziwa.
Ndi kawirikawiri tate kunena mawu amenewa? Anandiyang'ana.

Thamanda likuphwa, mwezi wamawa lidzakhala ming'alu.
Tinapitabe nalo botolo kukalikhuthula komweko.
Madzi analowa m'madzi.
Tinasuzumira mpaka udzudzu kutiyamba,
osakaonanso.

Botolo amake analifuna, la palafini.