Chipinda Chakuseri

Amayi amauza anzawo ku Zingwangwa kuti ndine namwino.
Ndinasiya kuwatsutsa.
Ndingawauze bwanji kuti jakisoni sindinamugwirepo,
kuti yunifolomu yanga ndi juzi yothothoka m'zigongono,
kuti odwala anga amabwera atagona m'mabuku,
atamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga?

Chipinda changa chili kuseri, kupitirira sikelo ya ana,
pomwe fungo la sipiriti limathera
ndipo la mapepala achinyezi limayambira.
Zenera limayang'ana phiri la Ndirande,
koma theka lake analitseka ndi makatoni a chaka chatha.

M'mawa uliwonse Sisitala Kambwiri amandiponyera kaundula wa dzulo:
"Nawa anthu ako, Mwandida."
Zolemba zawo ngati nkhuku yapalasa padzala.
Wani wawo ndi seveni ndi mapasa,
ndimawasiyanitsa ndi diso,
nthawi zina ndi pemphero.

Ndimalowetsa m'kompyuta:
zaka, kochokera, kulemera, matenda.
Dzina limatsala pakhomo ngati nsapato za mlendo,
mkati imalowa nambala yokha.
Magetsi akathima
kabokosi ka batire kamalira ngati mwanapiye wosokera,
ine n'kumathamangitsa zala
kuti anthu anga asafufutike.

Lachitatu lina mu Januwale,
mvula itagwa masiku anayi osapumira,
ndinaona mizere ikufanana nkhope.
Kutsegula m'mimba, Makata.
Kutsegula m'mimba, Makata.
Khanda. Bambo wa zaka makumi asanu. Mtsikana wa sukulu.
Sabata yatha anali atatu,
sabata ino khumi ndi asanu ndi anayi.
Namwino aliyense anaona wake,
wina m'mawa, wina usiku tulo tili m'maso,
koma onse pamodzi, atandanda ngati pa mzere wa chigayo,
ndinawaona ine,
wosagwira jakisoni uja.

Ndinaitana a Likaka, alangizi a zaumoyo,
amene amadziwa kanjira kalikonse ndi galu wake.
Iwo ankatchula, ine ndikudontheza inki
kuseri kwa chikuto cha kaundula.
Madontho anaunjikana ngati nyerere pa shuga wotayika,
pakati pawo chitsime chimodzi
m'mphepete mwa Nasolo.
A Likaka sanamalize tiyi wawo.
Anamangirira chidebe cha kolorini pa kaliyala, ulendo.

Ine ndinabwerera pa mzere wa fote seveni.
Wamkazi. Zaka zinayi.
M'bokosi lomaliza, la zotsatira,
munali chilembo chimodzi chokha,
cholembedwa bwinobwino, chosafuna pemphero.

Madzulo, ndikutsikira kokwerera minibasi,
ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu.
Akabaza anatsika panjinga,
wogulitsa malasha anavula chipewa.
Sindinafunse kuti ndi wa kwa yani.
Ndinkadziwa tsiku limene anayamba kudwala,
ndinkadziwa kuti ankalemera makilogalamu khumi ndi atatu.
Dzina lokha
ndi lomwe ndinalisiya pakhomo.

Kutha kwa mwezi lipoti linapita ku ofesi ya boma.
Mzere wofiira umene unakwera ngati msewu wa ku Soche
unayamba kutsetsereka.
Palibe anaimba nthungululu.
Sisitala Kambwiri anangoti, "Inki ya pulinta yatha,"
n'kundisiyira chitumbuwa pa tebulo, osanena kanthu.

Usiku amayi akundithira madzi osamba m'manja
amafunsa, "Wachiritsa angati lero?"
Ndimati sindikudziwa, ndipo sindinama.
Amene ndinawathandiza sali m'kaundula.
Ndi aja sanabwere,
aja anamwa madzi n'kugona,
m'mawa n'kudzuka kukagulitsa tomato mumsika,
kukangana za chenje,
osadziwa kuti kuseri kwa sikelo ya ana
muli mzere umene unkawadikira
ndipo watsala wopanda kanthu.