Changa

Usiku wina wa Juni ku Furancungo,
jenereta itazima, chisanu chikukwawira pansi pa chitseko,
ndinamva khanda likulira panja.
Ndinathamanga, tochi m'manja, nsapato imodzi,
zaka khumi ndi zinayi za uzamba zikundikankha kumsana.
Alifonso mlonda anaseka mpaka kutsokomola:
"Anamwino, ameneyo si wanu. Yang'anani m'mwamba."

Mumthethe wa kuseri kwa thanki
maso ankayaka awiriawiri ngati makala a mbaula.
Wamphongo anakodzera m'zikhatho zake,
napondaponda nthambi yonse,
kalata yopanda sitampa.
Anzake awiri anabwera kudzafufuta,
panagwa ubweya, panagwa makungwa,
mmodzi anathawa khutu litang'ambika.
Wamkazi analibe nazo ntchito,
ankanyambita utomoni pang'onopang'ono
ngati munthu wodziwa kuti msika ndi wake
ndipo utsekedwa mkuja.

Amene anamusankha sindinamuone.
Tochi inatha moto, ndipo nanenso ndili ndi manyazi anga.

Koma dzanja lozolowera silimva:
ndinalemba tsikulo pakona pa kalendala,
pansi pa mayina a amayi oyembekezera,
ndi kuwerenga miyezi inayi ndi timasiku.
Sikelo sanabwere.
Mapiritsi owonjezera magazi sanalandire.

Novembala, mvula yoyamba itautsa ngumbi,
anatuluka m'phanga la mtengo
kamwana kali kukamwa, mchira ukulendewera ngati chingwe cha nsapato.
Anakaika panthambi, nabwerera kukatenga kena.
Awiri.
Wa zikhatho zonyowa uja
sanaonekenso, ngakhale fungo.

Sabata yomweyo Rozalina wa ku Chidzolomondo
anandipatsa ntchito mpaka tambala wachiwiri:
woyamba mutu, wachiwiri matako,
onse akupuma.
Bambo wawo ali ku malasha ku Moatize,
foni yake imangoti yesaninso nthawi ina.
Mayi ake anagona pabenchi, chitenje kumutu.

Ndikusamba m'manja, kulira kuja kunayambanso panja.
Rozalina anadzidzimuka, nawerenga ana ndi chigongono.
"N'chiyani chikulira?"
Ndinati, "Changa."
Iye, maso ali theka m'tulo,
anawakokera onse awiri pachifuwa:
"Iyayi, anamwino.
Ndi anga."

Sindinamukonze.
Ndinatseka zenera, ndi kulemba m'kaundula awiri okha,
ngakhale mvula imeneyo inandipatsa anayi.