Kadzidzi wa mu Msana

Ku Gdańsk dzuwa la Januwale limaweruka msanga,
koma ine sindiliona.
Chipinda changa chilibe zenera;
kuwala kwanga ndi mafupa a anthu ena.

Oyamba lero ndi mayi Wiesława Drozd.
Bere lakumanzere analisiya patebulo la opaleshoni
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Tsopano m'fupa la m'chiuno muli kadontho koyera,
kakang'ono ngati nyemba.
Ali pabenchi panja, akupotokola magolovesi.

Ndikakulitsa. Ndifuna malire.
Chotupa chofatsa chimadzimangira mpanda,
fupa limachizungulira mosapupuluma,
khungwa lake osang'ambika.
Khansa yosamuka sidziwa mpanda.
Imadya ngati njenjete m'jekete laubweya
ndipo kawirikawiri siyenda yokha.

Ndiwerenga nthiti, msana, ntchafu. Kalibe mnzake.
Radomir andifukulira chithunzi chakale,
cha chaka chimene mayiwa anaterereka pa ayezi:
kadontho komweko, pamalo pomwepo, msinkhu womwewo.
Zaka khumi ndi zinayi osasuntha!
Ndilemba mizere itatu.
Khofi wazizira, ndimwabe.

Achiwiri sanabwere ndi mantha.
Bambo Bogumił, owotcherera zitsulo kudoko,
akungodandaula msana. Akuti ndi matiresi.
Aseka ndi nesi,
afunsa ngati Lolemba abwerera kuntchito.

Fupa lililonse la msana, ukaliyang'ana chamaso,
lili ndi timaso tiwiri tozungulira.
Aphunzitsi athu ankati ndi nkhope ya kadzidzi.
Nditsika makwerero a akadzidziwo,
mmodzi, mmodzi,
onse andiyang'ana tong'o,
mpaka wachisanu ndi chinayi
amene wanditsinzinira diso limodzi.

Silinatsinzine. Ladyedwa.

Panthiti yakumanja pali kena,
kabowo kopanda mphepete,
kosadziwika poyambira.
Pamwamba pake kenanso.

Ndikhoza kulakwitsa.
Chithunzi ndi mthunzi chabe,
singano ndiyo idzanene mawu otsiriza.
Ndipempha sikani ya thupi lonse
kuti tione mbewuyi inagwa kuchokera mumtengo uti,
mapapo kapena impso,
ndipo ndilemba kuti "zikukayikitsa kwambiri",
mawu amene ndimavala ngati magolovesi
pogwira chinthu chotentha.

Pakhonde ndimva mayi Drozd.
Awauza kale, ndipo misozi yangotuluka yokha,
ija ya munthu amene watula katundu.
Bambo Bogumił sakudziwa kuti ndi misozi yanji.
Asendera pafupi, akugwira msana ndi dzanja limodzi,
linalo akuwapatsa kampango:
"Limbani mtima, mayi. Madokotala apano ndi odziwa."