Mita Imodzi, Zitseko Zinayi

Kuno ku Chikanda mita ndi imodzi,
zitseko zinayi.
Ikayamba kulira usiku ngati mwanapiye wosochera
aliyense amangotsokomola m'chipinda mwake,
palibe wotsegula.

Wosunga kope ndine,
poti ndinakhalapo kalaliki ku khoti.
Lolemba m'mawa ndimakwera pa njerwa,
magalasi pamphuno, kukopera manambala.
Lachiwiri nthawi yomweyo, ndikoperenso.
Ndikachotsera, chotsalacho ndiye phoso la nyumba ino pa tsiku:
mayuniti asanu ndi anayi.
Kuchulukitsa ndi masiku makumi atatu,
kenaka ndi mtengo, msonkho osauiwala,
cholembera chimayamba kuterera m'manja.

Abiti Jali akuti wotimaliza ndi Wongani,
mwana wa pa yunivesite
amene babu yake imapikisana ndi nthanda.
Ndinaiwerenga babuyo pakhosi: mawati khumi.
Iyake maola zana, ndiye idye yuniti imodzi.
Ndinagadabuza simbi ya Abiti Jali,
pamimba pake analembapo chikwi.
Ola limodzi, yuniti yapita,
ndipo ana awo ovala yunifolomu alipo asanu.

A Nampinga amalumbira kuti iwo n'kawailesi basi.
Koma Juni akafika, chifunga chikatsika m'phiri
n'kudzagona pa malata athu,
ndimamva ketulo ikubwata kanayi kusanache,
madzi osamba.
Zikwi ziwiri imeneyo.
Theka la ola, yuniti kulibe.

Ndinaphatikiza zonse, mafoni ndi kanema yemwe,
zinakwana zisanu ndi chimodzi.
Zitatu zinazo akudya ndani?
Sabata yathunthu ndinayenda monyang'ama ngati wapolisi,
kusuzumira m'mazenera, kununkhiza nyemba za pa hotipuleti,
kulondola nthambo kuti kapena ina yadumpha mpanda.
Ayi ndithu.

Loweruka usiku ndinazula pulagi ya firiji yanga.
Anaigula Nasibeko chaka chimene tinasamuka ku Matawale,
ankaumitsamo mafilizesi ogulitsa pa Mpondabwino.
Mphira wa pachitseko unatha kalekale.
M'kati muli botolo la madzi
ndi phwetekere wodula pakati.
Chichokere mwini wake, zaka zinayi tsopano,
imangong'ung'udza usana ndi usiku
ndipo ine ndimagona nayo phokosolo
ngati mkonono wa munthu.

Usiku umenewo nyumba inati zii.
Ndinamva Likangala kutali, ndinamva agalu a ku Sadzi,
ndinamva mbali ya bedi yopanda munthu.
Tulo osabwera.

Lamulungu usiku ndinakwera pa njerwa ndi tochi.
Zisanu ndi chimodzi.

Pa msonkhano wa pansi pa mpeyala
onse anadza atanola pakamwa.
Ndinatsegula kope, ndinawerenga simbi, ketulo, babu,
aliyense ndi mtolo wake.
Pomaliza ndinawerenga dzina langa,
mayuniti makumi asanu ndi anayi pa mwezi.
Abiti Jali anati, igulitseni, bambo.
Ndinati ndamva.

Madzulo ndinapita kwa wa Airtel Money pa mphambano,
ndinagula tokeni, manambala makumi awiri,
ndinawabaya limodzilimodzi,
n'kulowa m'nyumba
kukabwezera pulagi.