Mitu Khumi ndi Iwiri

Atate anali mlembi wa pasikelo ku esiteti ya tiyi,
zaka makumi awiri ndi zinayi osaphonya kilo.
Tsiku lina mu Juni, chiperoni chitakuta minda,
analemba mayi Nahache kawiri,
mayi Mulepa osawalemba,
kenaka anangoima, pensulo m'manja,
ngati munthu amene basi yamutsitsa pasiteji yolakwika.

Anthu sanasowe chonena.
Ena anati kachasu,
chonsecho atate ngakhale thobwa losasa salawa.
Ena anatchula mnzawo wosirira mpandowo.

Ku Blantyre anawavula lamba, wotchi, mphete,
ndi kakiyi ka njinga kamene amabisa m'sokosi.
"Muno muli maginito," anatero mtsikana wa zoyera,
"musagwedezeke mpaka ndikuuzeni."
Potuluka anati: ndalowa m'chigayo ndili moyo,
chagogoda, chagogoda, ufa osaoneka.

Ufa wake ndi uwu,
pepala lakuda loterera
limene ndaligwiriza pawindo kuno ku Bvumbwe
kuti dzuwa lindiwerengere.
Mitu khumi ndi iwiri m'mizere, yonse ya munthu mmodzi,
yochekedwa popanda mpeni,
popanda dontho la magazi.
Pa wachisanu ndi chiwiri, chakumanzere,
pali kanthu koyera ngati mtedza wa makademiya wosenda.
Manambala a atate akuthera mmenemo.

Dokotala Khuliwa anati kale tikanangoti mutu waukulu,
n'kukupatsani panado.
Lero tikuona malire ake,
tikuona timitsempha tochidyetsa,
ndipo tikuphunzirabe kusiyanitsa chofatsa ndi cholusa
tisanatsegule chigaza.
Mawu oti khansa anawatchula kamodzi kokha,
maso ali pa ine.

Anapempha kuti chithunzichi chilowe m'kafukufuku,
dzina lichotsedwe, patsale nambala.
Atate anakankhira kutali inki yodindira chala.
Anaitanitsa cholembera,
nalemba Makhuwira yense, chilembo ndi chilembo,
mpaka k wachiwiri amene mulibemo.

Madzulo ano abwera kumbuyo kwanga osamveka,
akununkha sopo ndi bulugamu.
Aloza windo ndi chala chonjenjemera,
ayamba kuwerenga monga ankawerengera madengu.
Pa wachisanu ndi chiwiri aima.
Kunja thirakitala ya masamba ikudutsa.
Apitiriza.

"Khumi ndi iwiri," atero. "Tawerenganso, mwanawe."

Ndawerenga. Ndi yomweyo.
Lachiwiri tikwera minibasi ya m'mamawa.